Kuyala foam pansi pa screed kuti mapazi a okhala m'mwamba asamveke pansi

Malo omangapo akuchepa mumzinda wa Blantyre, ndipo anthu ambiri amene ali ndi poloti ku Nyambadwe, Namiwawa, Chinyonga, Kanjedza ngakhalenso ku Machinjiri ayamba kumanga nyumba zosanjikiza kuti banja lina lizikhala pansi, lina lizichita lendi m'mwamba. Nyumbazi zimaoneka bwino zikatha, koma pakangopita mwezi umodzi anthu atalowamo, dandaulo limakhala lomwelomwelo lakuti wokhala pansi akumva chilichonse chimene chikuchitika pamwamba pa mutu wake. Nsapato za gogoda m'mamawa, mpando umene ukukokedwa pa matailosi, mwana amene akuthamanga kuchoka kuchipinda kupita pabalaza, ngakhale musi umene ukusinja nsinjiro mu kamtondo kakang'ono ka kukhitchini, zonsezi zimatsikira pansi ngati kuti pakati palibe konkire.

Phokoso la m'nyumba lili pawiri. Lina limayenda mumpweya, monga mawu a anthu, wailesi ndi kanema, ndipo silabu ya konkire yokhuthala mamilimita 150 imalitchinga bwino ndithu chifukwa cha kulemera kwake. Lina limayamba pamene chinthu chagunda pansi, ndipo limeneli limalowa m'konkire mwenimwenimo, n'kuyenda m'zipilala ndi m'makoma, kenako n'kutulukira kudenga kwa chipinda chapansi. Mumpweya phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pamene m'konkire limapitirira mamita 3,000 pa sekondi ndipo silifooka msanga. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti amayi akamasinja chimanga kuseri kwa nyumba, kugunda kwa musi kumamveka ndi m'mapazi momwe chifukwa nthaka ndi imene ikukubweretsa. Phokoso la mtundu wachiwiriwu silitha powonjezera konkire. Limatha podula njira imene limadzera.

Njira yake ndi yoyala chinthu chofewa pamwamba pa silabu, chimene nthawi zambiri chimakhala foam, n'kuthira pamwamba pake screed, amene ndi matope a simenti ndi mchenga osalazira pansi. Screed yotere imakhala ngati ikuyandama, ndipo lamulo la ntchito yonseyi ndi limodzi lokha: screed isakhudze chinthu cholimba chilichonse, kaya ndi silabu, khoma, chipilala, felemu ya chitseko kapena paipi. Pamalo pamene yakhudza, ngakhale pakhale pochepa ngati chala, pamasanduka mlatho wa phokoso.

Gawo loyamba: funsani injiniya, ndipo werengani kutalika musanamange masitepe

Screed yoyandama ya simenti ndi mchenga imafunika kukhuthala mamilimita 65 m'nyumba yokhalamo anthu, ndipo 75 pamalo podutsa anthu ambiri kapena poikidwa katundu wolemera, malinga ndi muyezo wa ku Britain wa BS 8204. Chifukwa chake n'chakuti screed imeneyi simamatira kusilabu, choncho imadalira mphamvu yakeyake kuti isasweke. Kukhuthala kwa mamilimita 65 kumalemera makilogalamu pafupifupi 135 pa sikweya mita iliyonse, kutanthauza kuti chipinda cha mamita 4 m'litali ndi 4 m'lifupi chimasenzetsa silabu matani oposa awiri, matailosi ndi mipando zisanalowe. Injiniya amene anawerengera zitsulo za silabuyo ndi amene ayenera kunena ngati katunduyu ndi wololeka, ndipo n'kwabwino kuti nkhaniyi ilowe m'mapulani asanapite ku khonsolo ya mzinda kusiyana ndi kuiganizira nyumba itafoleredwa kale.

Werenganinso kutalika. Foam ya mamilimita 5 mpaka 10, screed ya 65, simenti yomatira matailosi ya pafupifupi 5 ndi tailosi ya 8 mpaka 10, zonse pamodzi zimakweza pansi ndi masentimita pafupifupi 9. Mafelemu a zitseko akaikidwa mosaganizira zimenezi, zitseko zimafupika, ndipo sitepe yomaliza ya pamwamba imatalika kuposa zinzake, chinthu chimene chimapunthwitsa anthu usiku magetsi akazima. Makoma onse a njerwa ogawa zipinda amangidwe pa silabu penipeni ntchitoyi isanayambe. Khoma silimangidwa pa screed yoyandama, ndipo chipinda chilichonse chimakhala ndi screed yakeyake.

Gawo lachiwiri: sankhani foam yoyenera

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Siponji ya matiresi kapena ya mipando si yoyenera, chifukwa imamwa madzi a m'matope ndipo imaphwatalala ikasenza katundu. Kafoam koyera kopyapyala ka mamilimita 2 kapena 3 koyala pansi pa matabwa a laminate nakonso si ka ntchito imeneyi, chimodzimodzinso pepala lonyezimira lotchinga kutentha pansi pa malata. Matabwa olimba a polystyrene amateteza kutentha, koma ambiri ndi ouma gwaa moti sadula kugunda mokwanira, kupatula okhawo amene anapangidwira phokoso ndipo alembedwa choncho.

Chimene mukufuna ndi foam ya polyethylene ya timabowo totsekeka, yogulitsidwa yokulungidwa ngati mphasa, yokhuthala mamilimita 5 mpaka 10, ndipo yolembedwa kuti ndi yoyala pansi pa screed. Mphasa za mphira wogaya ndi zabwinonso, ngakhale zimakwera mtengo. Mukafika m'sitolo za zipangizo zomangira ku Limbe kapena ku Ginnery Corner, itsineni ndi zala ziwiri kwa kanthawi, n'kusiya. Foam yabwino imabwerera m'malo mwake, ndipo mukadonthezapo madzi amangokhala pamwamba osalowa.

Pemphaninso pepala la kufakitale lofotokoza za katunduyo, n'kuyang'ana nambala yolembedwa kuti ΔLw, imene imasonyeza ma decibel (muyezo wa kukula kwa phokoso) amene foamyo imachotsa pa phokoso la kugunda. Nambalayi imapezeka poyesa ndi makina okhala ndi tinyundo tisanu tolemera magalamu 500 kalikonse, timene timagwa kuchokera pa mamilimita 40 ndipo timagunda kakhumi pa sekondi, ndipo kawerengedwe kake kamatsata muyezo wa ISO 717-2. Foam yamtunduwu nthawi zambiri imakhala ndi nambala yozungulira ma decibel 17 mpaka 20, ndipo nambala ikakwera ndiye kuti foamyo ndi yabwinopo. Kuti mumvetse kukula kwa nambalazi, phokoso likatsika ndi ma decibel 10 khutu la munthu limamva ngati latsika ndi theka. Wogulitsa amene sangathe kuonetsa nambala imeneyi akhoza kukhala kuti akugulitsa foam yolongedzera katundu, ndipo ineyo sindingaike chinthu choterocho pansi pa matani awiri a matope amene sadzachotsedwanso.

Gulani foam yopitirira kukula kwa chipinda ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, tepi yomatira yotakata, pepala la pulasitiki lokhuthala ngati lija lakuda loyala pa maziko, waya wa mesh (wolukidwa ngati ukonde), ndiponso lamba wa foam woika m'mbali mwa khoma. Lamba ameneyu akasowa, mukhoza kumudula nokha kuchokera ku foam yomweyo, mizere yotakata masentimita 15.

Gawo lachitatu: konzani silabu

Denga likhale litafoleredwa, mawindo ataikidwa, ndipo pulasitala wa m'makoma akhale atatsika mpaka pa silabu. Gobani ndi tchizulo zibuma zonse za matope zimene zinagwa pomanga ndi popaka pulasitala, dulani misomali ndi nsonga za waya zotuluka m'konkire, kenako sesani kawiri. Kamwala kamodzi kotsala kakhoza kuboola foam pamene matope aipsinja. Ikani thabwa lowongoka la mamita awiri pamalo osiyanasiyana, ndipo pamene pali mpata wopitirira mamilimita 5 pansi pa thabwalo, salazanipo ndi matope n'kudikira kuti aume.

Mapaipi a magetsi kapena a madzi amene ayalidwa pamwamba pa silabu amavuta, chifukwa foam ikakwera pamwamba pawo imapanga kachulu ndipo screed imapyapyala pamenepo. Chofunika ndi kuwakwirira kaye ndi matope osalaza mpaka pansi ponse pafanane, ndipo foam ibwere pamwamba pa zonsezo.

Musanayale chilichonse, lembani mzere kuzungulira makoma onse, mita imodzi kuchokera pamene padzathere matailosi, pogwiritsa ntchito paipi yoonekera mkati yodzaza madzi kapena levulo. Mzerewu ndi umene mudzayezerepo kutalika kwa screed. Amisiri ambiri anazolowera kukhoma misomali m'silabu kapena kuumba timilu ta matope pa konkire kuti apeze levulo, ndipo pa ntchito imeneyi chizolowezicho n'choletsedwa, chifukwa msomali uliwonse wodutsa mu foam umalumikiza screed ndi silabu. Auzeni amisiri anu zimenezi ntchito isanayambe, osati atakhoma kale.

Gawo lachinayi: ikani lamba m'mbali ndipo kulungani mapaipi

Lamba wa foam wokhuthala mamilimita 8 mpaka 10 azungulire chipinda chonse popanda mpata, kuyambira pa silabu mpaka kupitirira pamene padzafike matailosi ndi masentimita awiri kapena atatu. Mmatireni kukhoma ndi tepi kumtunda kwake. M'makona mupindeni bwino kuti alowe mpaka mkati, chifukwa akadutsa mozungulira amasiya mphako kumbuyo kwake ndipo kona ya screed imadzathyoka. Zipilala, mafelemu a zitseko ndi paipi iliyonse yotuluka pansi, monga ya chimbudzi, ya sinki kapena ya madzi otuluka m'bafa, zikulungidwe ndi foam yomweyo n'kumangidwa ndi tepi. Pakhomo lililonse dutsitsani lamba pakati kuti screed ya chipinda isagwirane ndi ya m'kolido.

Gawo lachisanu: yalani foam ndi pulasitiki

Vulani nsapato zolimba, ndipo aliyense wolowa m'chipindamo avale zofewa. Tambasulani foam kuchokera kukhoma lakutali kubwerera kukhomo. Ngati ndi yopyapyala ya mamilimita 5, mizere isanjikizane ndi masentimita 10, koma ngati ndi yokhuthala, igundanitseni m'mphepete popanda mpata pokhapokha pepala la kufakitale litanena zina. Matani tepi pa mzere uliwonse wolumikizira kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndiponso pamene foam ya pansi yakumana ndi lamba wa kukhoma.

Pamwamba pake yalani pepala la pulasitiki, mizere isanjikizane ndi masentimita 15, imatidwe ndi tepi, ndipo m'mbali likwere kutsata lamba. Ena amati foam ya timabowo totsekeka sifuna pulasitiki popeza simwa madzi, ndipo pa za kumwa madzi akunena zoona, koma ntchito ya pulasitiki pano ndi ina. Madzi a simenti amalowa pa kampata kalikonse, ndipo akauma amasanduka mwala umene ukugwira screed kumtunda ndi silabu kumunsi. Mukamaliza, chipindacho chioneke ngati beseni limene mungathiremo madzi osadontha. Gwadani n'kuyendera mzere uliwonse ndi dzanja, ndipo pong'ambika paliponse pamatidwe nthawi yomweyo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: sakanizani matope ndi kuthira screed

Mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala, wosefa ndiponso wopanda dothi. Kuti muuyese, thirani mchenga m'botolo loonekera mkati mpaka theka, wonjezerani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani n'kusiya kwa maola atatu. Mchenga umakhala pansi, dothi n'kudikha pamwamba pake, ndipo dothilo likaoneka lokhuthala, thiripi imeneyo isagwiritsidwe ntchito pa screed, chifukwa mchenga wadothi umafuna madzi ambiri ndipo umang'amba screed pouma.

Muyezo wake ndi ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zinayi za mchenga, ndipo ndowa yoyezera ikhale imodzi yomweyo, osati kuyeza ndi fosholo. Thumba la makilogalamu 50 limayendera limodzi ndi mawilibala awiri a mchenga odula pakamwa, osati osefukira. Chipinda chija cha mamita 4 ndi 4 chimadya matope oposa pang'ono kiyubiki mita imodzi, amene ndi matumba 7 kapena 8 a simenti. Madzi akhale ochepa kwambiri kuposa a matope omangira njerwa. Tapani ndi dzanja n'kufinya: matope oyenera amaumbika ngati mbamu ya nsima osadontha madzi, ndipo mukatambasula dzanja sanyenyeka. Anyamata osakaniza amakonda kuwonjezera madzi kuti fosholo ipepuke, choncho wina ayime pomwepo n'kumayang'anira.

Yalani matabwa otakata podutsa wilibala, ndipo matope asakhuthulidwe mwamphamvu pa foam. Timilu ta levulo tiumbidwe pamwamba pa pulasitiki poyeza kuchokera ku mzere wa kukhoma uja. Thirani theka la kukhuthala, tsenderani, ikani waya wa mesh, kenako thirani theka lotsalalo nthawi yomweyo oyambawo asanayambe kugwira, kuti zikhale chinthu chimodzi. Waya akhale pakati pa screed, nsonga zake zipindidwe kuti zisaboole pulasitiki, ndipo athere masentimita angapo asanafike pa lamba. Tsenderani mwamphamvu ndi thabwa, makamaka m'makona ndi m'mbali mwa makoma mmene anthu amachitira ulesi, chifukwa screed yosatsendera bwino imaoneka yolimba pamwamba koma mkati imakhala yofumbutuka. Kokani thabwa lowongoka kutsata levulo, n'kusalaza ndi thabwa losalazira. Pamene padzaikidwe matailosi musasalaze mpaka kunyezimira ndi chipande chachitsulo, chifukwa simenti yomatira imagwira bwino pokhakhala pang'ono.

Chipinda chimodzi chithe tsiku limodzi. Ngati malo ndi aakulu kupitirira masikweya mita 40, kapena mbali imodzi ndi yotalika kupitirira mamita 8, agaweni ndi mpata wolola screed kufutukuka ndi kubwerera, ndipo mpata womwewo udzapitirire mpaka m'matailosi. M'bafa screed ipendekere kopita madzi, ndipo mankhwala otchinga madzi adzapakidwe pamwamba pa screed matailosi asanaikidwe.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: isamaleni pouma

Screed ikangogwira, ivundikireni ndi pulasitiki kwa masiku 7 kuti chinyezi chisathawe msanga, popeza simenti imalimba ndi madzi amene ali mkati mwake. Munthu asapondepo kwa masiku awiri oyamba, ndipo milu ya matailosi kapena matumba a simenti isaunjikidwe pamalo amodzi ngakhale sabatalo litatha. M'mwezi wa Okutobala, kukatentha ndipo mphepo ikamadutsa m'mawindo, pamwamba pamauma msanga kuposa pansi, ndipo popeza screedyi sinamatire kusilabu, makona ake amapindikira m'mwamba n'kudzathyoka akapondedwa. Tsekani mawindo masiku oyambawo. M'nyengo ya mvula kapena m'masiku a chiperoni a Juni ndi Julayi vuto limakhala lina, lakuti screed imachedwa kuuma.

Kawirikawiri screed imauma milimita imodzi pa tsiku pa mamilimita 40 oyamba, kenako imachedwerapo, moti ya mamilimita 65 imatha kutenga miyezi iwiri kapena itatu kuti iume yonse, makamaka chifukwa pulasitiki wa pansi salola chinyezi kutsika. Matailosi akhoza kuikidwa patatha masabata osachepera atatu chivundukulireni, koma matabwa, vinyl ndi kapeti zimafuna kuuma kwenikweni. Kuti muone, matani kapepala ka pulasitiki ka masentimita 50 mbali zonse pa screed, n'kukasiya usana ndi usiku. Mukapeza thukuta kunsi kwake kapena malowo atada, dikirani.

Mukagogoda screed yoyandama imalira pang'ono ngati kunsi kwake kuli mphako paliponse, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa, chifukwa ndi mmene iyenera kumvekera. Ino ndi nthawi yabwinonso yoyesa ntchito. Wina agogode ndi nyundo pang'onopang'ono kuzungulira chipinda, wina ali pansi akumvetsera. Kugunda kuyenera kumveka kofooka ndiponso kofanana, ndipo pamene kwamveka kwakuthwa mwadzidzidzi, pamenepo pali pokhudzana pamene pakufunika kugoba n'kukonza matailosi asanabise.

Gawo lomaliza: matailosi ndi skirting

Ntchito yambiri yabwino imaonongeka pa gawo limeneli, chifukwa amene amaika matailosi nthawi zambiri si amene anayala foam. Ndinazionapo pa nyumba ina ya kuno ku Blantyre imene ndinkayang'anira. Tinatsata zonse, ndipo titayesa ndi nyundo zinali bwino. Ndinachokapo masiku awiri, ndipo mmisiri wa matailosi, poona lamba wa foam akutuluka m'mbali mwa khoma, anaganiza kuti ndi zinyalala zimene tinaiwala. Anamudula ndi mpeni mpaka pansi, n'kudzaza mpata wonsewo ndi simenti yomatira kuti ntchito ioneke yaudongo. Nditamufunsa anandiyankha mwaulemu kuti, "Bwana, tikanasiya mpata umenewu mukanalowa mphemvu." Tinatha masiku atatu tikukolopola simentiyo m'mbali mwa makoma a zipinda ziwiri, ndipo vuto linali langa chifukwa sindinamufotokozere.

Choncho lamba asadulidwe mpaka matailosi onse ataikidwa ndipo mipata yake yatsekedwa. Tailosi yomaliza ithere pa lamba osakhudza pulasitala, ndipo simenti yomatira kapena yotsekera mipata isalowe pakati pa tailosi ndi khoma. Zikatha zimenezi, dulani lamba ndi mpeni wakuthwa molingana ndi pamwamba pa tailosi. Skirting, mzere wa matailosi kapena thabwa wozungulira m'munsi mwa khoma, imatidwe kukhoma kokha, ikwezedwe mamilimita 3 mpaka 5 kuchokera pa tailosi ya pansi pogwiritsa ntchito timapepala tolimba timene mudzachotse ikauma, ndipo mpatawo utsekedwe ndi silikoni, amene amakhalabe wofewa ndipo salola madzi okolopera kapena tizilombo kulowa. Chitani chimodzimodzi kuzungulira mapaipi, mafelemu ndi pakhomo. Pomangirira chimbudzi, makabati a kukhitchini kapena kachitsulo koimitsa chitseko, zomangira zake zikhale zazifupi kuti zithere mu screed osafika ku silabu.

Ntchitoyi imachepetsa kwambiri kugogoda kwa nsapato, kukokedwa kwa mipando ndi zinthu zogwa, koma kudidima kwa munthu wolemera amene akuthamanga kumamvekabe pang'ono, ndipo nyimbo zokweza zimafuna njira zina chifukwa zimadzera m'mawindo, m'zitseko ndi m'mipata ya mapaipi. Masitepe a konkire nawonso amakhala olumikizana ndi makoma, ndipo screed yoyandama sitheka kuikapo, choncho pamenepo matani mphira kapena kapeti pa sitepe iliyonse, makamaka ngati masitepewo atsamira khoma la chipinda chogona cha banja lokhala pansi.